ZA UMISIRI: SUKULU YA PANSI PA MTENGO KWA ZINGALUME

Nyengo ya misika ikafika m'dziko la a Mfumu Zingalume, m'boma la Chadiza, pamakhala munthu mmodzi amene dzina lake limachulidwa kawiri-kawiri kuposa la nyakwawa. Munthuyo ndiye makanika. Kuyambira mwezi wa Juni kufikira Sepitembala cimanga, soya, nshawa ndi mpendadzuwa zimakhala zitasokeredwa m'matumba, ndipo lole iriyonse imene ingathe kuyenda imakhala pa mseu usana ndi usiku. Lole yotere ikazima pa dambo katundu ali pamwamba, mwini cimanga amagona pa chire kulonda thukuta lake la caka cathunthu, mwini lole nayenso ali kuwerenga ndalama zimene zirikumpita tsiku ndi tsiku. Kuitana katswiri wa ku Chipata, mtunda wa makilomita oposa 70 kucokera pa boma la Chadiza, ndiko kuonjezera ngongole pa ngongole inzake. Motero maso onse amayang'ana kwa mnyamata wa ovolosi yakuda ndi oilo, amene amatulukira pa njinga atamangirira kathumba ka masipanala kumbuyo.

Si malole a mbeu okha amene amamdikira. Cigayo cikaleka kulira, amai amabwerera ku mtondo ndi munsi. Kagalimoto ka pa mudzi kakakana kulira pakati pa usiku, mai wapakati amayenda pa ngolo ya ng'ombe kupita ku cipatala. Ndipo pa Ciweru comaliza ca Ogasiti, pamene Acewa amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi, galimoto iriyonse ya kwa Zingalume imafunika kukhala yamoyo. Nanga mnyamata amene anthu onsewa amdalira, nzeru zake anazitenga kuti? Ambiri a anyamata otere sanaonepo khomo la koleji. Sukulu yao ndi mthunzi wa mtengo wa mango, pamene pamalendewera unyolo wokwezera injini, ndipo nthaka yake inada kale-kale ndi oilo.

Maphunziro amenewa sayambira pa galimoto. Amayambira pa njinga yopalasa, imene imapezeka pa makomo ambiri a m'Cigawo ca Kum'mawa. Mwana amene ankapinda mawaya kupanga timagalimoto tosewera nato, akasinkhuka amayamba kumata chubu, kulunga masipoko ndi kumasula habu, nawerenga timipira ta citsulo ta m'kati mwake kuti pasasowe ngakhale kamodzi. Apo ndi pamene dzanja limaphunzira kuti nati imamasukira kumanzere ndi kulimbira kumanja, ndiponso kuti ikakakamizidwa mopitirira muyeso mazinga ake amatha. Pambuyo pa njinga pamabwera mthuthuthu, pakuti m'zaka zapitazi njinga zamoto za ku India ndi ku China, monga za mtundu wa Boxer, zadzaza tinjira ta m'midzi. Mthuthuthu uli ndi silinda imodzi, pulagi imodzi ndi kabyuleta yokwana m'dzanja. Mnyamata amene waumasula ndi kuumanganso, nuulira, waona kale mtima wa galimoto, ngakhale iye mwini sadziwa.

Pa mwambo wa Acewa mwana ali m'manja mwa atsibweni ake, ndipo nthawi zambiri ndi iwo amene amamtenga kupita naye kwa mmisiri wodziwika, kaya pa boma la Chadiza, ku Katete kapena ku Chipata kumene. Sipalembedwa kalata ya cipangano. Mau amakhala ocepa ndi ofanana kuli konse: "Amisiri, mwana wa mlongo wangayu sukulu yamkanika, koma manja ali nao. Mumuonetseko nchito." Mmisiri akavomera, mnyamata amalandira dzina limene adzakhala nalo zaka zingapo, ndilo sipana boi. Malipiro palibe, kupatula nsima ya masana ndi kandalama ka sopo. M'maboma a Chadiza ndi Katete anthu adziwa bwino za anyamata amene amaweta ng'ombe za eni ake zaka zingapo kuti potsiriza apatsidwe kathole. Sipana boi nayenso amatumikira motero, koma iye palibe amene amamlonjeza kanthu. Cimene adzatuluka naco ndi cokhaco cimene maso ndi makutu ake adzatola.

Miyezi yoyamba ndi ya kutumidwa. Mmisiri ali cagada pansi pa galimoto amangotambasula dzanja nati, "Iwe, teni!" ndipo mnyamata ayenera kudziwa sipanala ya nambala 10 asanawerenge cimene calembedwapo. Posacedwa amazindikira kuti magalimoto a ku Japan amakonda 10, 12, 14, 17 ndi 19, kuti nambala 13 imafunika kwambiri pa magalimoto a ku Ulaya, ndi kuti Land Rover yakale kapena Bedford imafuna masipanala a mainchi amene sagwirizana ndi enawo. Nchito yaciwiri ndiyo kutsuka zitsulo m'beseni la parafini kapena dizilo. Anyamata ambiri amaiyesa cilango, ndipo ena amathawira pomwepo. Komatu kutsuka ndilo phunziro lalikulu la caka coyamba, pakuti wotsuka ndiye amaona mikwingwirima pa pisitoni, tiziduswa ta citsulo tonyezimira pansi pa sampu, ndi oilo amene wasanduka ngati tiyi wa mkaka cifukwa madzi alowamo. Akale anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Kenaka limaphunzira ndi khutu. Mmisiri amatenga sikuludiraiva yaitali, naika nsonga yake pa injini irikulira, cigwiriro cake nacikhudzitsa ku khutu la mnyamata, monga acitira dotolo pa cifuwa ca wodwala. Kaphokoso kopepuka kocokera pamwamba, kothamanga ngati makina osokera, ndi ka mavalavu amene mpata wao wakula. Kugogoda kolemera kocokera pansi, kumene kumakula injini ikapatsidwa moto, ndiko kumene amakanika amati injini yanoka, ndipo pamenepo cofunika ndi kuizimitsa msanga kiranki isanaonongeke. Utsi nawo uli ndi cinenero cake. Wabuluu umanena kuti injini irikudya oilo, wakuda umanena kuti mafuta aculuka kuposa mpweya, ndipo woyera wosaleka ngakhale injini itatentha umaloza ku madzi amene alowa m'silinda, kapena ku dizilo amene sanapse. Pulagi ikamasulidwa imaonetsa zomwezo: yofiirira ngati khofi ndi yabwino, yamwaye ndi ya mafuta ambiri, yonyowa ndi oilo ndi ya maring'i otha.

Zonsezi mnyamata angathe kuziloweza osadziwa cifukwa cake, ndipo apa ndi pamene amisiri amasiyana. Mmisiri wabwino amakhazika mnyamata pansi, nalemba pa dothi ndi kamtengo maulendo anai a pisitoni: kutsika pokoka mpweya ndi petulo, kukwera popanikiza, kutsikanso moto ukaphulika, ndi kukweranso potulutsa utsi. Njira imeneyi ndi yomwe Nicolaus Otto wa ku Germany anaikonza m'caka ca 1876, ndipo kufikira lero sinasinthe. Amamuonetsa kuti kiranki imazungulira kawiri pamene shafuti yotsegula mavalavu yazungulira kamodzi, ndi kuti pa injini zambiri za masilinda anai moto umayenda motere: 1, 3, 4, 2. Wodziwa zimenezi galimoto ikakana kulira safulumira kumasula ciriconse. Amafunsa mafunso atatu motsatana: kodi mafuta alikufika, kodi moto ulipo pa pulagi pa nthawi yake, kodi silinda irikupanikiza? Wosadziwa amayamba ndi kugula zitsulo zatsopano, ndipo ndalama zogulira si zake.

Za dizilo mphunzitsi woposa onse m'midzi ndi cigayo. Injini zake, kaya ndi za Lister za ku England zimene zinatumikira makolo, kaya ndi za silinda imodzi za ku China zimene zafala masiku ano, ziri ndi zonse poyera. Mnyamata amaona ndi maso ake kuti mulibe pulagi. Injini ya mtundu umenewu, imene Rudolf Diesel anaiyendetsa bwino koyamba m'caka ca 1897, imapanikiza mpweya wokha mpaka utsale m'gawo limodzi la magawo 16 kapena 20 a malo amene unali, ndipo mpweyawo umatentha kupitirira madigiri 500, kotero kuti dizilo akapoperedwamo amayaka yekha. Popukusa cigayo ndi dzanja, mnyamata amamva m'phewa mwake mphamvu ya kupanikizako, ndipo amamvetsa cifukwa cake pali kacitsulo kotsegula valavu kuti gudumu liyambe lathamanga. Pomwepo amaphunziranso matenda ofala koposa a malole a m'midzi, ndiwo mpweya wolowa m'mapaipi a dizilo thanki ikauma kapena paipi ikang'ambika. Mankhwala ake ndi kumasula kabauti ka pa sefa, kupopa ndi dzanja kufikira thovu litatha, ndi kucita cimodzi-modzi pa mapaipi a ku manozo. Nchito ya mphindi makumi awiri imeneyi yagonetsa madiraiva ambiri pa chire.

Amisiri akulu-akulu amene alikuphunzitsa lero anaphunzira kwa anthu a mbadwo wina. Ena a iwo anagwira mathirakitala pa mafamu a fodya ozungulira Fort Jameson, dzina lakale la Chipata. Ena anabwera nalo luso kucokera ku migodi ya ku Copperbelt kapena ku Southern Rhodesia, ndipo ena anali m'magalaja a Boma, a mabasi a UBZ, kapena a malole onyamula cimanga m'masiku a NAMBOARD. NAMBOARD inathetsedwa m'caka ca 1989, UBZ inatsekedwa m'caka ca 1995, ndipo amakanika ambiri amene nchito inawathera anabwerera kwao ndi bokosi la masipanala, natsegula magalaja pansi pa mitengo. Magalimoto a nthawi yao anali Land Rover, Peugeot 404 ndi 504, Datsun, Bedford, ndi ma Fiat amene ankamangidwa ku Livingstone kuyambira ciyambi ca zaka za m'ma 1970. Onsewa anali a kabyuleta ndi mapointi, kapena a pampu ya dizilo yopanda magetsi, oti munthu wa khutu labwino ankatha kuwacuna ndi sikuludiraiva yokha.

Anthu amenewa anaumbidwa ndi usiwa wa zitsulo. Mtengo wa mkuwa utagwa m'caka ca 1975, dziko linasowa ndalama zakunja, ndipo kwa zaka zoposa khumi zitsulo zatsopano zinali zosowa ngati mvula ya mu Julai. Makanika anaphunzira kudula gasiketi pa katoni pogogoda m'mphepete mwa citsulo ndi kanyundo, kudula mphira pa chubu cakale, kupala mapointi m'malo mogula ena, ndi kupha galimoto imodzi kuti ziwiri zikhale ndi moyo. Luso limeneli liyenera ulemu wake, pakuti linayendetsa dziko pa nthawi yobvuta, ndipo kufikira lero ndilo limafikitsa lole pa mseu waukulu pamene sitolo ya zitsulo iri kutali. Koma linasiyanso cizolowezi cimene cirikupatsirana kucokera kwa mmisiri kupita kwa wophunzira: kukhulupirira kuti diso ndi dzanja nzokwanira, ndi kuti kuyeza ndi mwambo cabe wa m'mabuku.

Apa ndi pamene sukulu ya pansi pa mtengo imapunduka, ndipo citsanzo cake ndi nchito ya hedi. Galimoto ikaboila kwambiri, gasiketi ya pakati pa hedi ndi buloko imapsa, ndipo hedi yeniyeniyo, imene pa magalimoto ambiri a masiku ano ndi ya aluminiyamu, imapindika. Kupindikako diso silingakuone. Pa injini zambiri za Toyota buku la fakitale limalola mamilimita 0.05 okha, mpata wocepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu. Wofuna kudziwa zoona amagoneka citsulo coongoka pa hedi, nalowetsa pansi pake timasamba ta fila geji. Akapeza kuti yapindika, hedi iyenera kupita ku makina opalira m'tauni. Ndiponso mabauti ake samangidwa mwa cisawawa. Amayambira pakati kunka kunja, kawiri kapena katatu, ndi sipanala ya toki imene imaonetsa mphamvu yeniyeni imene buku lanena. Pansi pa mtengo sipanala yotere imasowa. M'malo mwake pamakhala paipi yaitali yolowetsa ku sipanala, ndi mnyamata wamphamvu wouzidwa kuti akoke kufikira bauti italira. Galimoto imanyamuka bwino, mwini wake nalipira mokondwa. Pakapita masabata atatu madzi ayambanso kusowa m'redieta, ndipo mlandu umagwera gasiketi kuti inali yabodza. Wophunzira amene anaona zonsezi amapita nazo monga coonadi, ndipo adzaphunzitsa wina.

Cizolowezi cina ca mtundu womwewo ndi ca kutaya themositati. Kacitsulo aka kamatseka njira ya madzi kufikira injini itatentha, pa magalimoto ambiri pafupi ndi madigiri 82, ndipo pamenepo kamatseguka. M'magalaja ambiri amati kanapangidwira maiko a cisanu, ndipo galimoto ikangoboila koyamba kamacotsedwa ndi kuponyedwa pa dzala. Koma injini yoyenda yozizira imatha msanga m'masilinda, ndipo pa galimoto ya kompyuta imamwa petulo wambiri, cifukwa kompyuta imayesa kuti kudakali m'mawa ndipo imapitiriza kuonjezera mafuta. Cimene cinaboilitsa galimoto cimatsala pomwepo: redieta yotsekeka ndi matope ndi njere za udzu, madzi a pa dambo amene asiya dothi m'timapaipi, lamba wa fani wolefuka, kapena citsekero ca redieta cimene mphira wake unatha. Citsekero cimeneci, cimene ambiri aciyesa cibvundikiro wamba, ndico cimasunga mphamvu yoti madzi asawire kufikira pafupi ndi madigiri 120.

Palinso nkhani imene anyamata amadandaula nayo m'magalaja ambiri, ya amisiri obisa nchito. Nthawi yoika taiming'i ikakwana, kapena yocuna pampu ya dizilo, ndi pomwe mnyamata amatumidwa kukatunga madzi kapena kukagula zitumbuwa ku msika, ndipo pobwera amapeza injini irikulira kale. Mantha a mmisiri ndi omveka, pakuti pa malo pamene magalimoto ndi owerengeka wophunzira wa lero ndiye wolanda makasitomala wa mawa. Komabe munthu amene walandira mwana wa mnzake, namgwiritsa nchito zaka zinai popanda malipiro, ali ndi ngongole kwa mwanayo, ndipo ngongoleyo ndi nzeru yomwe alikubisayo. Atsibweni amene anapereka mwana ayenera kumapitako nthawi ndi nthawi ndi kufunsa cimene waphunzira, monga momwe akadafunsira za kathole.

Za ngozi ndi zocepa zimene zimaphunzitsidwa, kufikira wina atapweteka. Munthu salowa pansi pa galimoto yokwezedwa pa jeke yokha kapena pa njerwa zosaocha. Redieta yotentha sitsegulidwa. Petulo sakokedwa ndi pakamwa, ndipo sasambira m'manja pafupi ndi mbaula. Nozo ya dizilo siyesedwa pa cikhatho, cifukwa mafuta ake amaboola khungu ndi kuononga dzanja. Injini siisiyidwa irikulira m'nyumba yotseka, pakuti utsi wake umapha mosanunkha.

Pamene sukulu ya pansi pa mtengo inali ciimire, galimoto inasintha. Malonda atamasulidwa pambuyo pa caka ca 1991, dziko linadzala ndi magalimoto ogwirapo kale nchito ocokera ku Japan, olowera pa madoko monga Dar es Salaam ndi Durban. Corolla, Hiace ndi Canter zinalowa m'malo mwa Peugeot ndi Bedford, ndipo pang'ono-pang'ono kabyuleta ndi mapointi zinazimirira. Injini ya petulo ya masiku ano imayendetsedwa ndi kabokosi ka kompyuta kamene kamamva kucokera ku masensa kuculuka kwa mpweya, kutentha kwa madzi, malo pamene kiranki yafika, ndi mpweya wotsala mu utsi, kuti kasunge muyeso wa magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo. Palibenso kasikuluu kocuna ndi khutu. Sensa imodzi ikanama, kapena kawaya kamodzi kakadyedwa ndi khoswe m'nyengo yokolola, galimoto yabwino-bwino imangoima, ndipo mmisiri wa zaka makumi atatu pa nchito amaizungulira ngati mlendo.

Magalimoto otere ali ndi kabowo ka mano 16 pansi pa ciongolero, kamene dziko la America linalamula kuti kakhale pa magalimoto onse atsopano ogulitsidwa kumeneko kuyambira caka ca 1996, ndipo pambuyo pake kanafala pa dziko lonse. Makina oyezera akalumikizidwa pamenepo amaonetsa nambala ya bvuto. P0301, mwacitsanzo, itanthauza kuti silinda yoyamba irikuphonya moto. Koma nambalayo imangoloza pamene pakupweteka, siichula matenda. Kaya ndi pulagi, kaya ndi koilo, nozo, waya kapena valavu yopsa, wofufuza ndi munthu yemwe uja wa mafunso atatu. Cimene casintha ndi cakuti njira zina zakale tsopano ndi zoononga. Kucotsa waya wa batire injini irikulira, pofuna kuona ngati altaneta irikucaja, kungathe kuocha kompyuta ya mtengo woposa matumba ambiri a cimanga. Kamita koyezera magetsi, kochipa kuposa tayala limodzi, kamayankha funso lomwelo mosaononga kanthu: batire yodzala imaonetsa mavoti 12.6, ndipo injini ikalira muyeso umakwera kufika pafupi ndi 14.

Anyamata a lero ali ndi mphunzitsi amene amisiri ao analibe, ndiye foni ya m'manja. Pa YouTube munthu angaone injini ya mtundu uli wonse irikumasulidwa kuyambira pamwamba kufikira pansi, ndipo pa WhatsApp amakanika amatumizirana zithunzi za mawaya ndi miyeso ya mabauti. Si zacilendo tsopano kuona mmisiri waimvi ataweramira pa foni ya sipana boi wake. Koma zambiri za zimenezi ziri m'Cingerezi ndi m'manambala, ndipo amene sadziwa kusiyana kwa 0.5 ndi 0.05 foni siingamthandize. Cotero mau aja akuti sukulu yamkanika, apite ku umakanika, masiku ao alikutha. Kuyambira mwezi wa Januwale 2022 maphunziro m'sukulu za Boma ndi aulere kufikira Giredi 12, ndipo kholo limene lifuna kuti mwana wake adzakhale makanika wa magalimoto a m'tsogolo liyenera kumsunga m'kalasi la masamu ndi sayansi, masipanala nawagwira pa chuthi.

Njira ya Boma yophunzitsira amisiri iri ndi mbiri yake. M'caka ca 1967 katswiri wa ku Canada, Bambo W.A.B. Saunders, anapereka lipoti lolangiza kuti acinyamata aziphunzira umisiri m'sukulu zokhazikika asanalowe nchito, m'malo mophunzirira pa nchito pokha monga zinaliri m'masiku a atsamunda. Malangizo amenewa ndiwo anabala masukulu a zaumisiri m'zigawo za dziko, pansi pa dipatimenti imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1972. Lamulo lina la 1998 linabweretsa bungwe la TEVETA, limene tsopano limalembetsa masukulu otere, kukonza maphunziro ndi kuyesa mayeso. M'Cigawo ca Kum'mawa muli Chipata Trades Training Institute ndi Ukwimi Trades Training Institute, ndipo wofuna kupitirira angathe kukafika ku Northern Technical College ku Ndola, kumene amaphunzitsanso za makina akulu-akulu a m'migodi. Womaliza Giredi 12 amaphunzira zaka ziwiri kuti alandire satifiketi ya Craft.

Cimene anyamata ambiri a pansi pa mtengo sadziwa ndi cakuti khomo lina ndi lotsegukira iwo. Mayeso a Trade Test ali ndi masitepe atatu, kuyambira Level 3, kukwera ku Level 2, kufikira Level 1, ndipo amayesa kwambiri nchito ya manja. TEVETA iri ndi dongosolo lozindikira luso limene munthu analipeza kunja kwa kalasi, kotero kuti amene wagwira masipanala zaka zambiri angathe kuyesedwa pa zimene adziwa kale ndi kulandira pepala. Za ndalama nazo zapepukako. Thumba la citukuko ca m'madera a aphungu, lochedwa CDF, linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'caka ca 2022, ndipo m'caka ca 2025 linafika pa K36.1 miliyoni pa dera liri lonse. Gawo lina la ndalamazi ndi lolipirira acinyamata maphunziro a luso, ndipo pempho limayambira ku komiti ya citukuko ya mu wodi. Pepala limeneli silimanga bauti, koma khonsolo, unduna kapena kampani ya migodi polemba makanika imayamba yafunsa pepalalo isanaone manja. Atsikana nawonso ali ndi ufulu wopempha, ndipo m'makoleji alipo amene abvala kale ovolosi. Kuyeza ndi kuwerenga mawaya sikufuna mapewa otambalala.

Sikuti wa ku koleji amatuluka ali wokwana. Kumene ophunzira ndi ambiri ndipo injini zophunzirira ndi zowerengeka, munthu angathe kulemba bwino za maulendo anai a pisitoni koma osadziwa kumasula bauti yadzimbiri imene yakhala m'matope zaka khumi. Wotere akafika pa galaja ya pa mudzi amasekedwa ndi masipana boi sabata yoyamba, ndipo akakhala wodzicepetsa amaphunzira kwa iwo zambiri. Kusiyana kwake ndi kwakuti iye zimene zimsowa adzazipeza pa nchito m'miyezi yowerengeka, pamene mnzake wa pansi pa mtengo angakalambe osakumana ndi munthu womuonetsa fila geji.

Pansi pa mtengo palibe tsiku la mayeso lolembedwa pa kalendala, koma mayeso alipo. Limafika tsiku, kawiri-kawiri m'nyengo yomweyi ya misika pamene nchito yaculuka, loti uthenga wabwera kuti Canter yazima ndi matumba ake kutsidya kwa dambo, ndipo mmisiri ali pakati pa injini ina. Amayang'ana mnyamata nati, "Iwe, tenga thumbalo upite. Cikakukanika usamasule kanthu, ubwere udzanene." Mnyamata amayankha kuti, "Camveka, amisiri," nakwera mthuthuthu mtima uli m'mwamba. Kumeneko amapeza diraiva, mwini cimanga ndi khamu la ana, onse alikuyang'ana manja ake. Amatsegula thanki, amatsata paipi ndi zala kufikira atapeza ponyowa, amadula pong'ambikapo ndi kulumikizanso, napopa kufikira thovu litatha. Madzulo lole imaima pa galaja, mthuthuthu uli pamwamba pa matumba. Mmisiri satuluka pansi pa galimoto. Amangofunsa kuti, "Cinali ciani?" ndipo akamva yankho amati, "Bweza masipanala m'bokosi, uwerenge ngati teni ilipo." M'mawa mwake pa beseni la parafini pamakhala mnyamata wina watsopano.